Fayilo Ili M'njira

Risiti ndinaikulunga m'jumbo ya shuga
kuti mvula ya ku Mzuzu isafufute dzina langa.
Uno ndi mwezi wa khumi ndi chinayi.
Inki yayamba kuzilala yokha
ngati nayonso yatopa kundiimira.

Chidindo choyamba chinandilola kukhala,
koma ndi chingwe kumwendo ngati mbuzi ya eni:
ndili kuno chifukwa cha Vitumbiko,
mpweya uno ndikupuma m'dzina la Vitumbiko.
Atati atsamwe ndi munga wa nsomba lero,
mawa ndine mlendo pakhonde lomwe ndimakolopa.

Ndiye tinapempha kuti chingwecho achimasule.
Anati, bweretsani umboni woti banjali ndi lenileni.
Tinapereka setifiketi ya ukwati,
kalata ya abusa a ku Katawa,
mabilu a madzi,
zithunzi zisanu ndi chimodzi.
Pa china Vitumbiko anatsinzina.
Pa china diresi langa linali lobwereka.
Sindinapeze fomu yolembapo usiku uja
matenda atayamba, magetsi atazima,
anandikweza njinga ya sakaramento ku Chibavi
iye n'kumathamanga pambuyo
atanyamula beseni ndi zitenje, patapata mmodzi ataduka.
Bilu ya madzi anailandira.
Thukuta lake analibe poliika.

Lachiwiri lililonse ndimakhala pabenchi lija.
A Kayuni amandiona ndisanafike pawindo,
amayamba kupukusa mutu mwaulemu.
Mayi Tumpale, fayilo ili m'njira.
Njira yake iti, bambo?
Ya ku Chikangawa, kumene nkhungu imameza malole a matabwa?
Ndiuzeni pamene yafera, ndikaikankhe.
Amaseka. Si munthu woipa.
Tsiku lina anandigawira nthochi.

Kumsika amanditcha Mtaifa.
Ku Tukuyu amati wafika wa ku Malawi uja.
Benchi la zitenje lili m'dzina la mlamu wanga
ngakhale ndine ndimadziwa nsalu yosuluka ndi yosasuluka,
ndine ndimayalula mvula ikagunda malata.

Amayi anaimba Lamlungu, mawu ali pansipansi.
Miyendo yatupanso.
Songwe si mtsinje woopsa,
tili ana tinkaponya miyala tsidya lina.
Koma ndikaoloka pano, fayilo idzati chiyani?
Ndafunsa anthu atatu.
Wina akuti pita, palibe vuto.
Wina akuti ukapita uyambiranso pachiyambi.
Wachitatu akufuna ya fanta kuti andiuze.
Ndinatumiza ndalama ya mankhwala pafoni
n'kukalira kuseri kwa bafa.

Lusayo anali kumsana tsiku lopereka mapepala.
Lero akuthamangitsa nkhuku za aneba,
akuyankhula Chitumbuka choposa changa,
amandiseka ndikapotoza mawu.
Iye dziko lino ndi lake, palibe anamufunsa zithunzi.
Ine amene ndinamubweretsa
ndikudikirabe pakhomo ndi nsapato m'manja.

Chaka chatha ndinakwirira nthanga ya peyala kuseri.
Eni nyumba anandifunsa, mudzadya nawo?
Sindinayankhe.
Mtengowo wandifika m'chiuno tsopano,
sunapemphe chilolezo kwa aliyense,
ukungozika mizu m'dothi lofiirali usiku ndi usana.
Masiku ena ndimauthirira.
Masiku ena ndimauchitira nsanje.

Usiku foni ikalira mtima umadumpha.
Vitumbiko amadzuka nane, tonse maso pagalasi.
Ndi a kampani ya foni, akuti tigule bandulo.
Amandigwira phewa, osanena kanthu,
chifukwa mawu oti limba mtima anatha mwezi wachisanu ndi chitatu.

Kunja kukuwaza kamvula kosatha kaja.
Mawa ndi Lachiwiri.
Makala ndayatsa kale, ndikusita siketi yakuda,
ija ndinavala pojambulitsa chithunzi cha pafomu,
kuti fayilo ikafika
isavutike kundizindikira.