Wothira Dizilo

Magetsi akathima sikisi koloko
ndimatsika masitepe makumi atatu
kulowa m'mimba mwa nyumba yamagalasi ya ku Sandton,
m'mene jenereta imagona ngati ng'ombe yodwala.
Ndikaimwetsa dizilo imatsokomola, n'kudzuka,
kumwamba kuja n'kuyera mbee
ngati palibe chachitika.

Lero kunali msonkhano pansanjika yachisanu ndi chinayi.
Abwera pandege, ena atulo akadali m'maso,
akhala m'chipinda chozizira ngati furiji ya kubutchala
kukambirana za utsi.
Ndinawamva pokapereka makiyi.
Akuti dziko latentha thupi.
Akuti ife a kumunsi kuno tikule, inde,
koma tisadzere njira imene anadzera iwo.
Pakhoma anaonetsa mayi wosenza thumba la makala.
Ndinaima pakhomo, makiyi ali m'manja.
Khosi lija, mwina ndi maso anga,
linali ngati la Nasibeko.

Nasibeko mlongo wanga,
matumba ako awiri anakulanda pa rodibuloko ku Phalombe
nakuuza kuti ukutha mitengo.
Sananame. Phiri lameta mpala, ndinadzionera ndekha.
Koma moto umene nyumba yako imadya mwezi wathunthu
chikepe cha muno chimameza
asanamwe tiyi wa teni.

Zaka zitatu ndakhala ndikutumiza marandi a chigayo.
Makina tinagula, ali m'chipinda, ofunda chitenje.
Mapolo a magetsi anafika pasukulu n'kutopa,
mawaya sanawoloke mtsinje.
Chimene chinawoloka ndi madzi,
usiku, atasenza miyala ndi mbuzi za eni,
natenga munda wako, khitchini, ndi manda a bambo.
Ndani anakoleza moto umene unawiritsa nyanja?
Iwe unali ndi koloboyi mmodzi,
ndipo tsikulo analibe parafini.

Ndikaweruka ndimakwera tekisi ya ku Alex.
Pamsewu waukulu tidutsana ndi malole a malasha,
atatu, asanu, ndimasiya kuwerenga.
Juni wa ku Joni amaluma mpaka m'mafupa.
Tonse takoleza mbaula za zigubu zoboola,
utsi wagona pamadenga ngati bulangete lonyowa.
Mwana wa Amosse, mnansi wanga wa ku Tete,
akutsokomola chimodzimodzi jenereta yanga,
kungoti iye sadzuka n'kuwala.
Nanenso ndakoleza. Ndikanatani?
Utsi wa wosauka umaoneka ndi maso, umanunkha,
umakhala ndi dzina ndi nambala ya chitseko.
Wa olemera umatulukira kuseri,
pa paipi imene ndimapukuta ine Lachisanu.

Masana aja, ndisabise, maganizo anandibwerera:
bwanji ndingokhala pansi, chigubu pambali,
jenereta iume kukhosi,
akambirane za mawa athu mumdima
monga umachitira iwe powerengera ndalama za fetereza?
Mwina mumdimamo wina akanafunsa
kuti mayi wa pakhomayo dzina lake ndani,
ndipo akasiya makala adzadya chiyani.
Koma lendi ndi pa wani.
Ndinathira. Malita makumi asanu ndi atatu.
Kumwamba anaomba m'manja.

Usiku uno foni yalira, mawu ako ojambula.
Watchajitsa kwa ometa pamsika, pa sola yake yosweka pakona,
wakhala pamzere kuyambira masana.
Ukuti chimanga chakwera, ukuti Chifuniro wakhoza mayeso
ngakhale amawerengera pa tochi,
ukuti makina achigayo ayamba dzimbiri kunsi.
Kenaka ukuseka: Achimwene, ndamva zoti
ku Joni nakonso magetsi amathima, n'zoona?

N'zoona, mlongo wanga.
Amathima.
Kungoti kuno mdima uli ndi anthu ake ouchotsa,
ndipo mmodzi mwa iwo
wasamba katatu ndi sopo
koma m'manja mukununkhabe dizilo.