Masekondi Asanu

Ku Hull kumada msanga mu Novembala.
Ndikamatsika basi, nyale za mumsewu zayaka kale,
makope makumi atatu akundikoka phewa.

Ndichonge kaye. Kenako ketulo, hita kumapazi,
laputopu pathebulo lodyera
pakati pa bilu ya gasi ndi makoko a lalanje.
Usiku ndimakhala kumbuyo m'kalasi yopanda makoma.
Wina ali ku Leeds, akuyamwitsa,
wina wazimitsa kamera, tikungomva galu wake.

Ntchito yanga yabwerako yofiira mbali zonse.
Dokotala Pemberton afunsa m'mphepete mwa ndime yachitatu:
Umboni wake uli kuti?
Ine Nachanza, zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi
ndikugwira cholembera chofiira,
lero chaluma mwini.

Anati tidzijambule tikuphunzitsa.
Ndinadzimvera Lamulungu, manyazi mpaka m'makutu:
ndimafunsa, ndisanapume n'komwe ndadziyankha ndekha,
kuthira madzi pabotolo lotseka.

Lolemba ndinafunsa za theka la theka
n'kuluma lilime.
Mtima unagunda kamodzi, kawiri.
Mvula pazenera. Mpando unalira.
Kachisanu, Kieran wa pakona,
amene chiyambire Seputembala sindinamvepo mawu ake,
anakweza chala, osati dzanja lonse.

Yankho linali lolakwika.
Koma njira yake inali ndi khomo
lomwe ine sindinaliwonepo,
ndipo tonse tinalowera pomwepo.

Digiri idakali kutali, Julaye wa chaka chamawa,
fizi ikubowola thumba.
Usiku uno mutu wachinayi ukundiyang'ana.
Tiyi wazizira kawiri.
Ndalemba mzere, ndafufuta,
ndapinda manja,
ndikudzipatsa nanenso masekondi anga asanu.