Bokosi Lofiira

Ku Tete dzuwa silifunsa kuti ndiwe yani,
limangowotcha.
Koma m'chipinda chathu, pamwamba pa sitolo ya matayala,
mumazizira ngati mosungira mitembo,
poti makina sakonda thukuta.

Ntchito yanga ndi kuphunzitsa chopanda maso kuona.
Zithunzi zimachokera kumwamba,
zojambulidwa ndi kandege kopanda woyendetsa,
ndipo ine, Felizada, ndimatchinga timabokosi:
iyi ndi galimoto, uwu ndi msasa,
uyu ndi munthu, uyu ndi munthu wonyamula kanthu.
Bokosi lililonse, theka la metikali.
Pofika Lachisanu chala chimachita dzanzi.

A Matsinye, bwana wathu wa ku Maputo,
amati makina ali ngati mwana:
muonetse mbuzi chikwi, yotsatirayo aidziwa yekha.
Sananene kuti mwanayo akakula
adzalembedwa ntchito ndi yani.

Mwezi wachitatu anayamba kuloza yekha.
Malole a malasha a ku Mowatize anawadziwa onse
ngakhale atabisala m'fumbi lawo lomwe.
Mabwato a pa Zambezi, anakhoza.
Tinaomba m'manja.

Kenako chithunzi cha Lachiwiri lija.
Ndinazindikira phiri la Domwe ndi mthunzi wake,
msewu wofiira wopatuka ku Ulongwe,
mkuyu umene mphezi inaung'amba pakati
chaka chimene ndinalephera mayeso.
Kwathu.
Sindinkadziwa kuti denga la amayi
lili ndi chigamba cha pulasitiki.

Makina anali atatchinga kale bokosi lofiira
pa kadontho ka pamsewu,
pansi pake mawu: wonyamula chida,
kutsimikiza 87 pa 100.

Ndinakulitsa chithunzi mpaka chinaphwanyika.
Munthu pa njinga.
Chinthu chachitali chopingasa kumbuyo.
Kuchokera kumwamba aliyense ndi chipewa chabe,
koma kupendekeka kuja, phewa lamanzere lotsika,
ndi Bendito, mlongo wanga,
amene anagwa mumtengo wa mango ali wamng'ono
fupa n'kulumikizana mokhota.
Chachitalicho ndi nzimbe.
Lachiwiri ndi tsiku la msika.

Chapafupi, uvuni wa makala wa a Sitoliyo
unalembedwa kuti linga la pansi,
ndipo ufa umene azakhali anayanika pa mphasa
unasanduka msasa woyera wa anthu osadziwika.

Bambo ankatiuza kuti nthawi ya nkhondo
ndege ikamalira ankagona chafufumimba m'mizere ya mbatata,
kupempha kuti wam'mwambayo aphethire,
atope, akumbuke mwana wake kwawo.
Ena anapulumuka motero,
poti diso la munthu limagwidwa tulo,
nthawi zina limachita manyazi.
Diso ndikulerali siliphethira.

Ndinafufuta bokosi lofiira.
Ndinafuna kulemba kuti nzimbe,
koma pamndandanda panalibe mawu amenewo,
ndiye ndinasankha "zina",
kumene timataya agalu, miyala ndi mitambo.

A Matsinye anandisisita paphewa.
Kulakwa ndiko kuphunzira, iwo anatero,
n'chifukwa chake mulipo inuyo.
Ndinameza funso langa:
nanga mwanayo akamaliza sukulu,
ine atandiuza kuti zikomo, pitani,
adzamuuza ndani za phewa la Bendito?

Madzulo ndinaimba foni ndili pa mlatho,
malole akunjenjemeretsa zitsulo pansi pa mapazi anga.
Anayankha akutafuna.
Anati nzimbe zinayenda malonda, zinatha dzuwa lisanapendeke.
Anati bwanji mukupuma ngati mwathamanga?
Ndinati, sabata yamawa uzidule zifupizifupi,
uziike m'thumba, usazipingase.
Anaseka mpaka kutsamwa.
Achemwali, ndani angagule nzimbe zodukaduka?
Tauni yakusokonezani.

Mayunitsi anatha tisanatsanzikane.
Ndinakweza maso.
Kumwamba kunali mbee,
kopanda ngakhale khwangwala,
koma ndinaweramitsa mutu
mpaka kukafika kutsidya.