Chala Chikuphunzira Kuyankhula

Masana ndimakonza mafoni pa depoti ya Salima,
ogwera m'ndowa, opondedwa ndi kabaza.
Anthu amandipatsa mawu awo atafa kuti ndiwadzutse.
Usiku ndimabwerera sitandade wani.

A Kamdambo anakalambira ku njanji
akutumiza mauthenga pa waya.
Dzanja lawo pano limanjenjemera,
tiyi amathera pa thalauzi,
koma khutu likadali lumo.
"Usawerenge madontho," amatero.
"Mayi ako akamakuitana, umawerenga zilembo?"

Miyezi isanu ndi iwiri: di-daa, daa-di-di-di.
Ndinkang'ung'udza zikwangwani za mumsewu,
dzina la golosale, nambala ya minibasi,
mpaka Nachisale anandifunsa
ngati ndayamba kupemphera m'malilime.

Chogogodera ndinapanga ndekha:
chidutswa cha sowo yodulira zitsulo,
chitsekerero cha botolo, kathabwa ka bulugama.
Waya tinaukoka kuchokera mu mtengo wa mango
kukafika pa nsungwi yomangirira kubafa.
Chiphaso chinabwera mu Okutobala,
ndinachinyowetsa ndi thukuta la m'thumba.

Ndiye mpikisano, kumapeto kwa Novembala,
dziko lonse likugogoda masiku awiri.
Magetsi anathima seveni isanakwane, mwa chizolowezi.
Tinalumikiza batire la galimoto.
Mvula inali itagwa masana,
ngumbi zikudzigwetsa pa tochi, pa kope, mu kapu,
mphezi za kumapiri zikuthetheka m'makutu
ngati chimanga pa phale.

Ndinapukuta chala pa malaya.
Daa-di-daa-di, daa-daa-di-daa.
Kenako dzina langa la mumlengalenga,
loyamba ndi seveni ndi Q.

Zii.

Ndinabwereza.

Mayo ine!
Anandigwera onse pakamodzi
ngati oitanira ataona munthu mmodzi wa chikwama.
Palibe anandiuza kuti Malawi ndi ndiwo zosowa,
kuti kuli anthu adikira zaka
kuti alembe dziko lathu m'makope mwawo.
Makumi, kaya mazana, mluzu pamwamba pa mluzu.
Zilembo zonse zinandithawa.
Pensulo inathyoka.
Ndinachotsa dzanja ngati ndagwira mbaula.

A Kamdambo sanandiyang'ane.
Anatsinzina, mutu atapendeketsa.
"Ali pansi pa onsewo, wa mawu a besi. Sakuthamanga.
Mgwire ameneyo. Enawo ndi mvula pa malata."

Ndinamupeza.
Ndinamupempha, chala chikuterereka: chepetsani liwiro.
Ndipo munthu uja,
sindikudziwa nkhope yake,
kaya kwawo kunali chisanu, kaya ali ndi ana,
anatsika pa njinga yake
nayamba kuyenda nane wapansi.
Chilembo. Kupuma. Chilembo.
Faifi naini naini, anatero: ndakumva bwino kwambiri.
Linali bodza laulemu.
Ndinabweza lomwelo,
ndi sate seveni pamwamba, nambala ya chigawo chathu.
Daa, di-di-daa. Zikomo.
Wapita.

Sitima ya katundu inalira cha ku siteshoni,
daa wamtali wopanda di.
A Kamdambo anaseka okha.

Pofika Lolemba mbandakucha
batire linali litafa kawiri.
M'kope munali mayina khumi ndi asanu ndi anayi.
Atatu ndikuwakayikira,
limodzi linamatidwa ndi phiko la ngumbi.
Akatswiri amafika pa zikwi, ndikudziwa.

Nachisale, akubereka mwana, anafunsa:
"Nanga anthu anuwo anakuuzani zotani?"
Ndinati: manambala.
"Masiku awiri osagona, manambala?"

Ndinasowa chonena.
Ndinasamba, nkupita ku ntchito.
Pa benchi, ndikudikira kasitomala
pakati pa mahutala ndi fumbi,
ndinapeza chala changa chikugogoda chokha
pa chivundikiro cha foni yakufa,
pang'onopang'ono,
chikuitana.