Thabwa la Bata

Mvula ya ku Mzuzu siodira pakhomo.
Imangofika ngati wina wakhuthula miyala pamalata,
ndipo Bata amakhala atalowa kale kunsi kwa bedi,
mchira pamimba, dovu pasimenti,
nthiti zikugunda ngati injini ya chigayo.

Dzinalo ndinam'patsa ndine.
Ndinkayesa nthabwala.

Amaopa geti likamenyetseka,
njinga yamoto ikatsokomola pachitunda cha ku Zolozolo,
makombola a ana pa Khirisimasi,
ngakhale supuni ikagwa.
A Chavula, zigongono pampanda, anati:
"Galu uyu ndi mimba chabe.
Akuba akadzabwera, mudzam'londera ndinu."

Loweruka ndinatsikira ku Luwinga.
Gomezgani womata matayala anandipatsa atatu osalala,
mgolo wodooka uku ndi uku,
kumacheka ndinatola zotsala za paini
zikadali ndi utomoni.
Wakabaza anafunsa ngati ndayamba kuweta nkhumba.
Ndinati eya, kuti nkhani ithe.

Ndodo ya mopu pazigubu ziwiri.
Matayala okwiriridwa theka m'dothi lofiira.
Mgolo wogoneka, kamdima kokhala ndi potulukira.
Ndipo pakati pa bwalo, thabwa lalitali pachipika:
ukaponda kuno, uko kudzuka,
ukapitirira, ligwa.

Sabata yoyamba ananunkhiza zonse,
nakodzera tayala limodzi.
Ndinati basi, wasayina.

Bonya ndinkasunga m'thumba la jekete
mpaka kutchalitchi anthu ankasendera.
Kadumphe kamodzi, kabonya kamodzi.
Akakana, sindinkakoka chingwe.
Tinkangokhala pakhonde awirife,
nkhungu ikutsika m'mapaini,
mpaka iye mwini atanyamuka.

Thabwa ndiye linavuta.
Nsonga yake ndinaikulunga ndi bulangete lakale, mapindo anayi.
Analiponda. Linati fu.
Anauma, khutu limodzi kumbuyo.
Kabonya.
Lolemba lililonse ndinkachotsa pindo limodzi:
fu anakhala pu,
pu anakhala phu.
Tsiku lina ndinafulumira, ndinachotsa awiri,
anathawira kuseri kwa thanki osabwerako mpaka madzulo.
Tinayambiranso pa anayi.

Chimene sindinawauze a Chavula n'chakuti
chiyambire tsiku lija tayala la minibasi
linaphulika pakona ya ku Chikangawa,
zaka zitatu tsopano,
chitseko chikamenyetseka ndimagwetsa kapu.
Anthu anati, "Munapulumuka, Walinase, thokozani."
Ndinathokoza.
Koma palibe anandikulungira phokoso m'bulangete
n'kumandipatsa pang'onopang'ono.

Mwezi wa Juni, m'mawa mpweya ukufuka m'kamwa,
thabwa linali lamaliseche.
Anakwera. Anaima pakati, miyendo ikunjenjemera,
dziko likupendekera pansi pake.
Phazi limodzi kutsogolo.

Khoo!

Nkhuku za eni zinabalalika.
Ine ndinagwira pamtima.
Bata anayang'ana thabwa, anayang'ana phazi lake,
ngati akufunsa: ndine ndachita zimenezi?
Osadikira bonya,
anazungulira n'kukweranso.
Khoo!
Khoo!
A Chavula anatulutsa mutu pazenera:
"Ena tinagwira ya usiku!"

Sindinganame kuti anachira.
Dzulo mvula inabweranso ndi miyala yake,
anathamangira kuchipinda monga kale,
koma anaima pakhomo,
matako mkati, mphuno kunja,
akunjenjemera, akundiyang'ana.

Ine ndinali kukhitchini.
Ndinatenga chivundikiro cha poto,
ndinagwada,
ndinachikweza pang'ono chabe, kutalika kwa chikhatho,
ndinawerenga mpaka katatu, kenaka mpaka kasanu,
ndinachisiya ndi dzanja langa.

Chinalira, chinavina pasimenti, chinagona.
Tonse awiri tinadzidzimuka.
Palibe anathawa.

M'thumba munatsala tibonya tiwiri.
Kamodzi ndinam'ponyera.
Kenako ndinatafuna ndekha,
mchere ndi mchenga womwe.