Kope la Pakhola

Folo koloko ku Thondwe, tambala asanaganize zolira.
Tochi kukamwa, ndowa m'manja,
ndimalowa m'khola ngati mlendo wozonda matenda,
ndipo mpweya wawo wofunda umayamba ndiwo kundilonjera.

Zilipo zinayi.
Sizamtere, yamawanga, siidya inzake ikuyang'ana.
Abiti Bwanali adabwera nalo dzinali kuchokera ku Songani,
ndipo sadzuka usanawapepese.
Kanduku ndi kathyali:
ikaona thumba la madeya imatsokomola kuti ndiimvere chisoni.
Yotsiriza ndi Mwatitha. Za iyo ndinena bwino.

Madzi ofunda, kansalu koyera, bere lililonse palokha.
Madontho oyamba ndimakamira m'kapu yakuda
kuti ngati muli timibulu ta matenda ndione lisanatuluke dzuwa.
Kenaka chipumi changa pamimba pake,
tsoo, tsoo, pansi pa ndowa youma,
mpaka phokoso litamira m'thovu
ndi zala zanga zitaiwala kuti kunja kukuzizira.

Nsenjere ndidadula dzulo, yagona pamthunzi kuti ifote;
yamame imatupitsa mimba, ndidaphunzira ndi misozi chaka chija.
Chikwanje pachipika, go, go, zidutswa zotalika ngati chala.
Madeya mbale ziwiri, mchere wodzaza chikhatho,
masamba a lukina pamwamba ngati ndiwo za alendo.
Madzi ndiye musanene.
Mjigo umandidziwa kuposa mkazi wanga:
ndowa zinayi ng'ombe imodzi, ndipo ikamaliza imandiyang'ana
ngati ndaipatsa supuni chabe.

Uno ndi Okutobala.
Kudambo nsenjere yasanduka tsache.
Ndikutsitsa masangwi a mtedza amene ndidabisa kudenga mwezi wa Meyi
anthu akundiseka kuti ndikukolola zinyalala.
Kuchigayo timalimbirana madeya ndi amayi otcheza kachasu,
iwo ndalama ili m'manja, ine ili m'bere la ng'ombe.

Sikisi ikamakwana ndili panjinga, chigubu kumbuyo,
kuthamangitsana ndi dzuwa lisanawawase thukuta langa.
Kubaking'i Che Mpulula amaviika kagalasi kawo mumkaka
kuti kaulule ngati ndathiramo madzi.
Zaka zisanu ndi chimodzi sikadandinenepo kanthu,
komabe mtima umagunda kakamamira.

Zonse ndimalemba m'kope la mwana wanga lotsala ku sitandade faifi.
Tsiku, dzina, malita a m'mawa, malita a madzulo.
Tsiku la dibi. Tsiku lobwera alangizi ndi jakisoni.
Mwatitha, Lolemba: khumi ndi anayi.
Lachiwiri: khumi ndi anayi ndi theka.
Lachitatu adabwera a komiti ndi chingwe chatsopano
kudzatenga mwana wake wamkazi,
poti nanenso mayi wakeyo ndidalandira chomwecho
kuchokera m'khola la munthu amene sindidamufunse kuti adagona bwanji.
Adapita naye kwa Mai Nankwenya, kutsidya kwa Namadzi.
Lachinayi: asanu ndi limodzi.

Idaumitsa bere ngati chibakera.
Ndidasisita, ndidaimba, ndidaonjeza madeya mobera Kanduku,
iyo maso ali kuchipata,
kulira kwake kukafika mpaka kumsewu wa ku Limbe.
M'kopemo mulibe mzere wolembamo zimenezo.
Ndidangolemba nambala, ndi kutseka.

Lero ndi tsiku lachisanu ndi chinayi.
Yadya masangwi onse, yanyambita ndi mkono wanga womwe,
lilime lokhakhala ngati tupa.
Malita khumi ndi limodzi.

Madzulo ndapala ndowe, ndakankha wilibala kupita kudimba.
Uko phiri la Zomba lavala mkanda wa moto wa osaka mbewa.
Zinayi zonse zagona, zikubzikula,
nsagwada zikupera pang'onopang'ono nkhani za tsiku lonse.
Ndapatula kapu imodzi, yosapita kwa Che Mpulula,
ya Tiyesenji amene akuwerenga pakoloboyi.
Imeneyo sindilemba.

Mawa nsenjere ndikaipempha kwa alamu ku Chingale.
Tayala lakumbuyo likutuluka mpweya.