Tulo ta ku Chilobwe

Tulo timabwera, inde,
koma timabwera ndi matope.
Usiku uliwonse phiri la Soche limatsikanso,
ndipo Esinala, amene tinamuika kale m'manda,
ali pakhonde, akusita yunifolomu ya mwana,
akufunsa ngati makala atsika mtengo.

Ndimadzidzimuka, thukuta lili kamukamu.
Ndimakhudza khoma. Ndi louma.
Ndimatchula zimene zilipo, chimodzichimodzi:
ndowa, wailesi,
nsapato za Tadala pakhomo.
Kunja kulibe mvula,
mlonda wa pachigayo yekha akutsokomola.

Kusanache, kondakitala wayamba kale: Limbe! Limbe!
Thupi langa ngati ndachezera kusenza njerwa.
Ndimasukusula ndi madzi ozizira, kawiri.

Kuntchito amati, "Mwadzuka bwanji?"
Ndimati, "Ndadzuka."
Bola safunsa mmene ndagonera.